Kapeti wa pa tsinde la chivundikiro cha injini ya boti wamatuka, ndithandizeni nzeru

Gulu: Amisiri ndi Okonza Zinthu, Thyolo ndi Mulanje

Lachiwiri, 17 June

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndabwera ndi nkhani yachilendo pang'ono, musandiseke. Alamu anga amene ali ku Joni anatumiza boti chaka chatha, lakale ndithu, la faiba, injini yake ndi ya m'kati, MerCruiser 3.0 ya petulo. Cholinga n'choti lizikanyamula alendo ku Mangochi. Ndalama zinachedwa, ndiye lagona pa ngolo yake kuseri kwa nyumba yanga dzinja lonse, titalifunditsa lona. Dzulo ndavundukula ndapeza zoopsa. Injiniyo imakhala m'bokosi. Pamwamba pa bokosi pali khushoni yokhalapo anthu, pansi pake pali tsinde la matabwa lokutidwa ndi kapeti, ndipo tsindelo ndi limene limagunda pansi pa boti. Kapeti wamatuka m'makona monse, wachita chuku, akununkha ngati thumba la chimanga chonyowa. Tsindelo ndi 95 cm m'litali, 70 cm m'lifupi, 40 cm kutalika. Ndigule kapeti wanji, ndimate ndi chiyani?

Mfana wa Kabaza: Boti ku Bvumbwe? Mukufuna muziwolotsa tomato ndi kabichi pamsika mvula ikakula eti, bambo?

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Ndinanena kale kuti musandiseke, iwe mwana.

Wamipando wa pa Luchenza: Achimwene, imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Masulani mahinjesi, tulutsani tsindelo panja, sendani kapeti wakaleyo koma musamutaye chifukwa ndiye pateni yanu. Palani guluu wakale mpaka thabwa lioneke, pakani guluu wa kontaki mbali zonse ziwiri, dikirani aume pang'ono, matani, pindirani m'kati, menyani masitepulo. Mukaona kuti zikukuvutani bweretsani kuno.

Agogo a ku Likhubula: Musanagule kanthu, mwana wanga, tengani sikuludiraiva mubaye thabwalo. Bayani m'makona a pansi, mubayenso pamene pali mahinjesi. Mukatero mubwere mutiuze. Kapeti samatuka yekha. Akamatuka m'makona monse nthawi imodzi, kawirikawiri chimene chamusiya ndi thabwa.

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Agogo, thabwa likuoneka labwinobwino, langoda pang'ono.

Agogo a ku Likhubula: Sindinati muliyang'ane. Ndati mulibaye.

Lachitatu, 18 June

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Agogo, ndagonja. Sikuludiraiva yalowa ngati ndikubaya mbatata yophika. Makona awiri a kumbuyo angofumbutuka m'manja, ndipo pulayi wake akusendeka tsamba ndi tsamba ngati kabichi. Masitepulo onse ndi dzimbiri lokhalokha, ukawagwira ndi pulayala akungoduka mitu. Pamwamba pokha ndi pamene pali polimba.

Agogo a ku Likhubula: Eya. Ndinagwirako ntchito yokhoma maboti a matabwa ku Mangochi ndili mnyamata, ndipo chimene tinkaopa kwambiri si madzi a m'nyanja ayi, koma madzi a mvula amene amalowa pamwamba n'kukhazikika pamalo popanda mphepo. Boti limene likuyenda tsiku ndi tsiku limawombedwa mphepo, limaona dzuwa. Lanulo mwalitsekera mu lona miyezi isanu ya mvula ya ku Thyolo. Kapeti ndiye anachita ngati chinkhupule, kusunga madzi pathabwa usana ndi usiku. Pulayi amamwa madzi m'mphepete, pamene anachekedwa, ndiye chifukwa chake makona ndi amene ayamba kufa. Tsinde limenelo likhomedwe latsopano.

Wamipando wa pa Luchenza: Ndavomera, ndinafulumira. Ndiye musaliphwanye lakalelo, mulimasule bwinobwino mbali ndi mbali, mulembe manambala, likhale pateni ya kalipentala.

Kalipentala wa pa Goliati: Ntchito yafika kwathu tsopano. Thabwa lakalelo ndi lokhuthala bwanji?

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Pamene sipanafufume ndayeza 18 mm.

Kalipentala wa pa Goliati: Ndiye mufune 18 mm yemweyo, chifukwa pamenepo pamakhala anthu, mwina awiri atatu, boti likudumpha mafunde. Shiti imodzi ndi 2440 mm kwa 1220 mm, ikukwanirani n'kutsalako. Koma mvetsetsani apa. Mukalowa m'mahadiweya a ku Limbe mukangoti ndikufuna bolodi, akupatsani chipboard kapena MDF za makabati. Zimenezo zikanyowa kamodzi zimafufuma ngati mandasi, osayerekeza. Blockboard nayonso ayi, m'kati mwake muli mipata. Chofunika ndi marine ply, pulayi wopangidwira maboti. Weniweni amakhala ndi chidindo cha BS 1088, ndipo mukayang'ana m'mphepete masamba ake amakhala ofanana, opanda mabowo. Akasowa kapena mtengo ukakuthawitsani, tengani pulayi wa panja amene analembedwa WBP. Guluu wa pakati pa masamba ake amaoneka wakuda, ndipo samatuka ndi madzi. Pali njira yoyesera: pemphani kachidutswa, kawiritseni mumphika kwa ola, kasiyeni kaume. Kakasendeka, musagule.

Mfana wa Kabaza: Amayi akunyumba akakupezani mukuphika thabwa adzati chiyani?

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Anazolowera kale. Chibwerereni botili akuti ndakwatira wachiwiri.

Achimwene a ku Chonde: Bwanji mukuvutika ndi mapulayi a ku Limbe pamene tili pansi pa phiri? Mkungudza suwola, chiswe sichiudya. Pali anyamata amene angakupezereni matabwa awiri mwakachetechete.

Agogo a ku Likhubula: Kuti suwola msanga mwanena zoona. Maboti ambiri a matabwa a kunyanja ankakhomedwa ndi mkungudza wochokera m'phiri lino, ndipo ine manja anga ankanunkhira mafuta ake mpaka kunyumba. Koma kwerani lero ku Chambe kapena ku Lichenya mukaone. Ndili mwana munali mdima masana m'nkhalango imeneyo. Lero ndi zitsa, ndi timbande tating'ono timene anthu akubzala n'kumateteza kumoto. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje basi, ndipo umatenga zaka zambirimbiri kuti ufike pochekedwa. Ine ndinadyapo kale gawo langa, ndipo sindinyada nazo. Mwakachetechete wanuyo ndi amene anatimalizira phiri.

Adimini: A ku Chonde, mkungudza ndi mtengo wa fuko ndipo ndi wotetezedwa ndi lamulo. Pa gulu lino sitilumikizana za matabwa obedwa. Uthenga wotere ukabweranso ndiufufuta.

Achimwene a ku Chonde: Pepani, ndimangopereka maganizo.

Kalipentala wa pa Goliati: Ndiponso pa ntchito imeneyi sukanathandiza. Bokosi lotere limafuna bolodi yotambalala yosapindika. Matabwa olumikiza amatseguka m'mizere akamva kutentha kwa injini mbali imodzi ndi chinyezi mbali inayo.

Lachinayi, 19 June

Agogo a ku Likhubula: Ndiwonjezere pa za dzulo, chifukwa anthu amaganiza kuti akagula marine ply ndiye kuti athana nazo. Ayi. Chimene sichiopa madzi mu marine ply ndi guluu wake. Mtengowo ndi mtengo basi, umawola. Muyenera kuutseka. Mukacheka zidutswa zonse, musanakhome, pakani epoxy mbali zonse, kawiri kapena katatu. M'mphepete muzipaka mpaka thabwa litakana kumwa. Malo amene mudzaboola a mahinjesi, boolani bowo lalikulupo, mudzazemo epoxy, akauma muboolenso laling'ono pakati pake. Mukatero sikuluu imadutsa mu epoxy, madzi sapeza njira yolowera mu thabwa. N'zotopetsa, koma pamahinjesi ndi pamene zinthu zimayambira kugwedera.

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Epoxy ameneyu ndi uja wa m'timachubu tiwiri womatira zinthu zosweka?

Wafaiba wa ku Limbe: Ndi m'bale wake, koma wa timachubu ndi wolimba ngati phala, salowa m'thabwa. Mukufuna wamadzimadzi wa m'zitini ziwiri. Kuno amasowa ndipo ndi wodula. Chimene chimapezeka kwa ife okonza mabampa ndi matanki ndi rezini wa polyester. Amagwira ntchito, kungoti sagwira thabwa molimba ngati epoxy, ndiye payekha amatha kung'ambika pakapita nthawi. Mukamugwiritsa ntchito, yalani ndi nsalu ya faiba yopyapyala, makamaka m'makona ndi m'mphepete mwa pansi. Mankhwala oumitsira muthire 1 mpaka 2 pa 100, osapitirira, ndipo musakanize pang'onopang'ono chifukwa akayamba kugwira sadikira munthu. Valani magolovesi ndi magalasi, kadontho ka mankhwala amenewo m'diso ndi nkhani ya kuchipatala. Akauma kwechani ndi sandipepa wa 80 kuti guluu wa kapeti adzapeze pogwira. Mukapeza epoxy, mutsuke kaye ndi madzi musanakweche, chifukwa m'nyengo yozizira ngati ino amatulutsa kamafuta pamwamba kamene kamakana guluu.

Achimwene a ku Chonde: Oyilo wakuda wotsala ku galimoto bwanji? Mapaso a nyumba timapaka yemweyo.

Wamipando wa pa Luchenza: Pa oyilo guluu agwira chiyani, achimwene? Lero mwadzuka ndi nzeru zachilendo.

Mayi a Pemphero, Chitakale: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndifunse funso la munthu wamkazi. Kapetiyo ndi wa chiyani? Mwanena nokha kuti ndi amene anasunga madzi. Ine ndimasoka matenti a magalimoto ndi zovundikira mipando. Bwanji osakuta tsindelo ndi rekisini wolimba ngati wa khushoni ya pamwambayo? Mwana akataya Fanta mumangopukuta. Mlendo akasanza chifukwa cha mwera mumangothira madzi. Kapeti akalowa fungo la nsomba ndi petulo, mudzachapa mpaka Yesu adzabwere.

Wamipando wa pa Luchenza: Mayi, mfundo yanu ndi yomveka, koma tsinde lili pamene pamagunda mapazi, mabokosi a zakumwa, nangula. Rekisini akang'ambika pang'ono madzi amalowa kuseri kwake ndipo satulukanso. Kapeti amapirira kukhulidwa, komanso amabisa zolakwa za kalipentala.

Kalipentala wa pa Goliati: Kalipentala wake uti?

Mayi a Pemphero, Chitakale: Ndiye pakani penti basi. Rezini, penti woyera, mwatha. Amuna mumakonda kudzipezera ntchito.

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Mayi, ineyo ndikanapaka penti dzulo lomwe. Koma pansi ponse pa boti ndi kapeti wotuwa, ndipo mwini wake akufuna zifanane. Boti si langa.

Wamipando wa pa Luchenza: Ndiye tikambe za kapeti. Wa m'nyumba musagule, ngakhale akongole bwanji. Tembenuzani muone kuseri: ngati kuli ulusi wonga wa chiguduli, umenewo umamwa madzi, umawola, umanyala. Wa m'boti ndi wa polypropylene, kuseri kwake kuli labala yopyapyala, ndipo ulusi wake sumwa madzi. Kuti mudziwe, thothola kaulusi muyatse ndi machesi kutali ndi shopu ya eni ake. Ka polypropylene kamasungunuka n'kupanga kampira kolimba. Ka ubweya kamanunkha tsitsi lopserera n'kusanduka phulusa. Musatenge wokhuthala kwambiri, savomera kupinda pamakona. Mamita awiri akukwanirani.

Makanika wa ku Thyolo Boma: Ndisanaiwale. Kapeti akhale kunja kokha. M'kati, mbali yoyang'ana injini, apindikire 4 kapena 5 cm basi, ndipo pasalendewere kanthu pafupi ndi lamba kapena mapule, mawilo amene lambayo amayendapo. Ngati tsinde lakale lili ndi mabowo kapena kasefa kolowera mphepo, latsopano likhalenso nazo pamalo omwewo, ndipo musazikute. Injini imapuma, komanso nthunzi ya petulo imafuna potulukira. Chinkhupule chakuda cha m'kati chochepetsa phokoso chija, ngati chikufumbutuka chichotseni, nyenyeswa zake zimathera mu kabuleta. Chatsopano chikhale chokhala ndi pepala lonyezimira, chopangidwira malo a injini, osati siponji ya matiresi.

Loweruka, 21 June

Alamu a ku Joni: Moni nonse, andilowetsa pa gulu ndi alamu anga. Ndine mwini wa mavutowa. Ndawerenga zonse ndipo ndachita manyazi, chifukwa amene anandigulitsa anandiuza kuti thabwa ndi latsopano. Kuno kapeti wa m'boti, epoxy ndi masitepulo a stainless zimapezeka mosavuta. Ndipatsira anyamata a mabasi odzera ku Tete, zikafika ku Mwanza mpaka Blantyre alamu akatenge. Mundiuze saizi ya masitepulo.

Wamipando wa pa Luchenza: Takulandirani bwana. A 10 mm akwana, koma funsani kaye alamu anu mtundu wa sitepula imene ali nayo, chifukwa masitepulo amasiyana m'lifupi. Mugule a stainless enieni. Agalavanaizi amaoneka bwino m'bokosi, koma pakatha mvula imodzi amalira dzimbiri pa kapeti. Masikuluu ndi mabawuti a mahinjesi akhalenso a stainless.

Wafaiba wa ku Limbe: Nyanja yathu si ya mchere, ndiye a stainless ya mtundu wa 304 akwanira. A 316 ndi a kunyanja zamchere ngati ku Durban, koma mukawapeza pa mtengo wabwino palibe cholakwika. Guluu wa kontaki yekha musatumize pa basi, amayaka moto. Ameneyo aliko konkuno, ndi yemwe amamatira nsapato.

Alamu a ku Joni: Zamveka. Alamu, ndikufuna boti likhale pamadzi pa 6 July, anthu amachuluka kunyanja pa holide.

Agogo a ku Likhubula: Bambo, inu mwakhalitsa ku Joni mwaiwala kwanu. Suzumirani pa zithunzi za alamu anu muone kumwamba. Chiperoni chagwa kuyambira Lachinayi, phiri sitikuliona, zovala pachingwe zatha masiku atatu osauma. M'nyengo yotere rezini sauma bwino, thabwa lenilenilo limakhala ndi chinyezi, ndipo mukalitseka lili lonyowa mwatsekera mdani m'nyumba. Kunyanjanso July ndi mwezi wa mwera. Boti loyamba kumene kuliyesa, injini yogona chaka, mukaliponye pa mafunde a mwera ndi ana a eni ake? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani kumapeto kwa August.

Wamipando wa pa Luchenza: Agogo akunena zoona, ndipo pa guluu ndiye ndili ndi umboni. Guluu wa kontaki akamauma amazizira, ndiye kukakhala nkhungu pamwamba pake pamagwa kamame kosaoneka ndi maso. Ukagwira ndi chala umamva ngati wauma, umamata, mawa lake umapeza zasiyana. Chaka china ndinabweza mipando ya minibasi yonse ndi ndalama zanga chifukwa cha zimenezi. Masiku a chiperoni ine ndimasoka, sindimata.

Achimwene a ku Chonde: Lowetsani m'nyumba, mutseke mawindo, muyatse mbaula pambali. Pa ola limodzi zauma.

Makanika wa ku Thyolo Boma: AYI. A Tadala, chonde musamvere zimenezo. Nthunzi ya guluu wa kontaki, ya thinazi ndi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya. Simakwera kumwamba, imayenda pansi ngati madzi mpaka itapeza moto. Mbaula ili pansi pomwepo. Chitini chimodzi m'chipinda chotseka chikhoza kusasula denga, ndipo musanafike pamenepo mwakomoka kale ndi utsi wa makala. Ntchito ya guluu ichitikire pakhonde kapena pansi pa shedi yopanda zipupa, kutali ndi khitchini, wosuta fodya asayandikire. Ndiponso musamatire m'botimo. Nthunzi imatsikira pansi pa injini n'kukhala pamenepo, tsiku loliza sitata kamoto kamodzi kokha kakwana. N'chifukwa chake maboti a injini ya m'kati ya petulo ali ndi fani yotulutsa mpweya wa pansi, ndipo lamulo lake ndi kuiyatsa mphindi 4 musanalize injini, nthawi iliyonse.

Achimwene a ku Chonde: Lero ndangokhala chete basi.

Mayi a Pemphero, Chitakale: Mwachita bwino, achimwene, tikufunabe kukuonani.

Alamu a ku Joni: Chabwino, ndamva. August. Koma mtima ukuwawa.

Lolemba, 14 July

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Katundu wafika. Ndiulule tchimo: mtima unandikanika, Loweruka ndinayesa kumata kachidutswa ka kapeti pa kathabwa kotsala, kunja kuli kamvula kowaza kaja. Ndinadikira mphindi 15 ngati mmene analembera pachitini. Lero ndakoka ndi zala ziwiri, kangosendeka, guluu wake woyererako ngati mkaka. A Luchenza, ulemu wanu. Matabwa a Goliati acheka kale, ndawaimika m'chipinda chouma, atalikirana kuti mphepo izidutsa.

Wamipando wa pa Luchenza: Bola mwayesera pa kachidutswa. Pamene mukudikira dzuwa, tengani choko mujambule mivi kuseri kwa kapeti yense, yonse iloze mbali imodzi. Kapeti ali ndi kumene ubweya wake unagonera. Pitirizani dzanja mumva, mbali ina ndi yosalala, ina ikukana. Zidutswa zikasemphana, padzuwa chimodzi chimaoneka chakuda china chotuwa, ngati munagula kosiyana. Pa mbali zoimirira ubweya ugonere pansi kuti madzi azitsetsereka. Pocheka, chekerani kuseri ndi mpeni wa Stanley, lumo latsopano, ndipo musatsatire kapeti wakale ndendende chifukwa ananyala. Siyani 6 kapena 7 cm mbali zonse, zotsala mudzadula pomaliza.

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Nanga pamakona? Pamene ndikuopa ndi pamenepo.

Wamipando wa pa Luchenza: Ngati kapeti akukwana, zungulizani chidutswa chimodzi mbali zitatu zooneka, mzere wolumikiza ukabisale kumbuyo. Guluu pakani pathabwa ndi kuseri kwa kapeti, wopyapyala, mbali imodzi imodzi, osati bokosi lonse nthawi imodzi. Akafika poti mukagunda ndi kuseri kwa chala akumata koma osatsalira pachala, ndiye nthawi yake. Kontaki alibe pepani, pamene wagunda wagunda. Ndiye yalani pepala la khaki pakati, muzilisolola pang'onopang'ono uku mukusisita kuchokera pakati kupita m'mphepete. Botolo la Fanta lopanda kanthu limagudubuza bwino. Popindira m'kati pa kona, dulani kachidutswa ngati V, koma nsonga ya V isafike pakona penipeni, isiye mpata wofanana ndi kukhuthala kwa thabwa, apo ayi thabwa lidzasuzumira. Kapeti akauma khosi muyanikeni padzuwa, amafewa. Masitepulo menyani m'kati mokha, motalikirana ngati zala zitatu.

Mayi a Pemphero, Chitakale: Mabowo a mabawuti musaboole ndi dirilo kudutsa pa kapeti. Imakola ulusi umodzi n'kuusolola mzere wonse, ngati juzi yoluka. Tenthetsani msomali, muboole nawo, bowo limadzitseka lokha m'mbali. Ife timatero pa matenti. Koma guluu atauma kaye masiku awiri, ndipo moto wake ukhale kutali, a makanika asandikalipire.

Makanika wa ku Thyolo Boma: Imeneyo ndavomereza, mayi.

Lamlungu, 31 August

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Akuluakulu, ntchito yatheka, zithunzi ndi izo. Epoxy katatu sabata yatha, kunja kukutentha bwino, kumata Lachinayi, mabowo dzulo. Makona atatu atuluka ngati a m'shopu. Pa kona lachinayi ndinadula V mopitirira, ndabisa ndi kachigamba, musakulitse chithunzicho. Koma pali vuto limodzi. Ndabwezera tsinde m'boti, mahinjesi sakukumana ndi mabowo ake akale a pansi, ndipo loko wa kutsogolo sakutseka. Zikusiyana pang'ono kwambiri, mwina theka la sentimita. Kodi a Goliati analakwitsa muyeso?

Kalipentala wa pa Goliati: Ndinadziwa kuti mlandu ugwera ine. Yezani thabwa lokha mupeza 40 cm yake ili chimodzimodzi. Chakweza bokosi ndi kapeti watsopano amene mwapindira kunsi. Wakale uja anali ataphwatalala ngati chikopa, uyu akadali ndi mnofu, kuwonjezera epoxy katatu.

Wamipando wa pa Luchenza: Ndi zomwezo, ndipo ndinayenera kukuuzani. Ikani hinjesi pamalo pake, zungulizani ndi mpeni, chotsani kapeti wa pansi pake kuti chitsulo chigone pa epoxy. Hinjesi yomangidwa pamwamba pa kapeti imagwedera ikangoyenda maulendo awiri. Kunsi kwa tsinde, pamene likugunda pansi, ndikanakonda mudule kapeti yense alekezere m'mphepete, mukhomeko timiyendo ta labala tating'ono kapena kalamba ka chubu cha galimoto. Bokosi litsika, loko atseka, ndiponso kapeti sazikhala m'madzi.

Agogo a ku Likhubula: Pamenepo pa madzi ndi pamene pakundivutabe ine kuyambira June. Lona lokha silingawoletse thabwa la 18 mm mpaka kufumbutuka m'dzinja limodzi. Makona amene anafa ndi a kumbuyo okhaokha. Mwana wanga, kumbuyo kwa boti, pansi penipeni kunja, pali kachitsekero kotulutsira madzi. Kanali kotsegula kapena kotseka miyezi yonseyi?

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Kachitsekero kake kati, agogo?

Mfana wa Kabaza: Hiii.

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Ndakapeza. Kamkuwa, kokhala ndi mutu wa makona anayi. Kanali komanga. Ndamasula ndi sipanala, madzi akuda akutuluka mpaka pano, ndadzaza ndowa zitatu ndipo sanathe. Pansi pa injini sindinasuzumirepo ndi tochi chiyambire, ndimangoyang'ana za kapeti.

Alamu a ku Joni: Alamu, mlandu ndi wanga. Ndinakamanga ndine ponyamuka kuno kuti kasatayike panjira, ndipo sindinakuuzeni.

Agogo a ku Likhubula: Ndiye mwapeza chimene chinadya thabwa. Boti likakhala pa ngolo, kachitsekero kamachoka, mphuno imakwezedwa pa chitsa kuti madzi athamangire kumbuyo, lona limakhala ndi mtanda pakati ngati denga ndipo kumapeto kumasiyidwa mpata wa mphepo. Kachitsekeroko mukamangirire pa chiwongolero ndi chingwe, kuti tsiku lolowa m'madzi musadzakaiwale. Zimenezonso ndinazionapo, anthu akupopa ndi zipewa.

Makanika wa ku Thyolo Boma: A Tadala, kiyi musamugwire. Batire musalumikize. Pa injini imeneyo sitata ili m'munsi, ngati madzi anafika pamenepo ndiye yamwa. Solola dipisitiki muone oyilo: akakhala ngati tiyi wamkaka mundiuze lero lomwe. Yang'anani pakhoma la m'kati mzere umene madzi analekezera, muujambule ndi rula pambali. Petulo wa m'thanki nayenso wagona chaka, ameneyo atuluke. Mupondenso pansi pa boti mozungulira injini, mumve ngati pakunyenyeka, chifukwa pansipo napo pamakhala pulayi. Ndibwera Loweruka m'mawa ndi mita ndi sitata ina yoyesera. Tsinde lanu lokongolalo litulutseninso, likakhale m'nyumba, tisalidetse ndi girisi.

Bambo a Tadala, Bvumbwe: Oyilo ndi wakuda bwinobwino, alibe mkaka. Mzere wa madzi uli 14 cm kuchokera pansi, chithunzi ndatumiza. Kumanzere kwa injini pansi pakumveka pofewa pang'ono ndikaponda ndi chidendene.

Kalipentala wa pa Goliati: Theka la shiti lija musagulitse. A makanika, mundidutsire pa Goliati Lowerukalo, ndidzatenga sikuludiraiva yanga.